Belu la Moto Litalira

A kusiteshoni anandiimbira foni ndili pa raundabauti ya ku Capital Hill, ndikuonetsa apolisi apamsewu malo oti adzaime galimoto za alendo zikamadzadutsa. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo ndinali chiimire padzuwa kuyambira m'mawa.

"Sajeni Naphiri, pitani kuhotela ya msonkhano ija. Kwabedwa katundu. Wakubayo amugwira kale, inu mukangolemba. Galimoto idzamutenga 3 koloko."

Ndikamva zakuti wakuba amugwira kale, ndimadziwiratu kuti tsiku latalika.

Hotelayo ili ku City Centre. Mawa lake, Lachitatu, kunkayamba msonkhano wa masiku atatu wa nthumwi zochokera m'mayiko khumi ndi awiri, anthu mazana anayi m'holo imodzi. Pageti ankapachika mbendera. Chakumapeto kwa bwalo loimika galimoto kunali ambulansi yoyera, boneti ili yasaa, munthu atalowetsa mutu m'kati.

Manejala, a Maynard Zikhale, anandichingamira pakhomo atavala suti yabuluu, akupukuta thukuta m'khosi.

"Madamu, zikomo kwambiri mwafika. Ndi kankhani kakang'ono, sitikufuna phokoso, mukudziwa mawa tili ndi alendo. 10 koloko tinali ndi zoyeserera kuthawa moto. Belu linalira, tinazimitsa magetsi, antchito onse anatuluka kukaima pansi pa mitengo apo. Ndinaitana mayina ndekha. Titabwerera m'kati, tinapeza makina odzutsira mtima mulibe m'chipinda cha chithandizo choyamba."

"Makamera akuonetsa chiyani?"

"Amayendera magetsi omwewo. Mabatire ake tinaitanitsa, sanafike."

"Nanga wakubayo mwamudziwa bwanji?"

"Simpo, madamu. Munthu mmodzi yekha ndi amene anatsala m'kati, mlonda wa pachitseko chakumbuyo, chothawira ngozi. Chipindacho chayang'anizana ndi chitseko chimenecho. Anatsegula, n'kupatsira mnzake panja, n'kutseka. Basi."

Pambali pawo panaima mayi wamfupi wovala mpango wakuda kumutu, atakumbatira fayilo. Sanadikire kuti wina amutchule.

"Rahima Abdallah. Ndatumidwa ndi okonza msonkhano, ndimaona za chitetezo cha alendo. Makinawo ndi athu. Kabokosi kachikasu, kukula kwake ngati wailesi. Mtima wa munthu ukaima, pamakhala mphindi zochepa zoti umupulumutse. Alendo atatu analemba kuti ali ndi vuto la mtima. Popanda makinawo sindisaina, ndipo ndikapanda kusaina holo sitsegulidwa."

"Munawaona liti komaliza?"

Anatsegula fayilo. "9:40, ndinawayesa ndekha. Belu linalira 10:00. Wovulala woyeserera anafika mu ambulansi 10:08. Kuitana mayina kunatha 10:14. Ndinalowa m'chipindacho 10:25, pakhoma panali mbedza yokha."

Mboni zotere ndimazikonda. Sizikuuza za mmene zinamvera mumtima.

"Mlondayo ali kuti?"

A Zikhale anakhosomola. "Tamusunga kaye m'sitolo ya mipando."

*

Anamumanga manja ndi chingwe cha makatani. Anali bambo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, yunifolomu yofwifwa koma yosita bwino, atakhala pansi ngakhale kuti m'chipindamo munali mipando yosanjikizana mpaka kudenga. Ndinamasula chingwecho n'kumupatsa mpando umodzi.

"Dzina, madala?"

"Davison, mayi. Kwathu ndi ku Nathenje, koma ndimagona ku Kauma. Pano ndakhalapo zaka khumi ndi chimodzi. Sindinatengepo ngakhale supuni."

"Za supuni sindinafunse. Belu litalira munaona chiyani?"

Ankayankhula pang'onopang'ono, akusisita m'mikono momwe munadutsa chingwe.

"Magetsi anazima. M'khonde muja mulibe zenera, ndiye munali kamdima. Anadutsa atsikana a kochapira, akuseka. Anadutsa a kukhitchini. Kenako anatuluka anyamata awiri ndi machira, a Clive achipatala aja ndi dalaivala wa ambulansi. Ine ndinavula chipewa n'kuyang'ana pansi mpaka anapita. Kenako zii, mpaka magetsi anayaka."

"Chipewa munavuliranji?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Munthu atafunditsidwa mpaka kumutu, mayi? Ngakhale akuti ndi sewero, chinthu chotere sachiyang'anitsitsa."

"Chitseko chakumbuyo munatsegula?"

"Iyayi."

"A kukhitchini anatulukira kuti? Si ndiye chitseko chawo chapafupi?"

"Anazungulira kumaso."

"Chifukwa?"

Anasisitanso m'mikono. Panja wina ankakhoma msomali.

"Madala, 3 koloko ikubwera galimoto. Usiku wa lero mugona m'chitokosi, ndipo pa msinkhu wanuwo simenti ya kumeneko simungaikonde. Ndithandizeni."

"Bwana anati ndiime pamenepo, wina aliyense asachikhudze."

"Chitseko chothawira moto, tsiku loyeserera kuthawa moto, wina asachikhudze?"

"Ndayankhula zambiri," anatero, n'kuweramitsa mutu. "Mungondikhulupirira."

"Kukhulupirira ndi kutchalitchi. Ine ndikukaona."

Chitsekocho chinali kumapeto kwa khonde, chachitsulo, chopakidwa penti wobiriwira amene ankanunkhabe. Pamwamba pake anamatapo chithunzi cha kamunthu kothamanga. Pachogwirira panali timabala totuwa tondondozana, pamene penti watsopano sanafike. Apo panali tcheni, ndipo opaka penti anangopaka tcheniyo ili pomwepo. Ndinayendetsa chikhadabo mumpata wa pakati pa chitseko ndi felemu, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Penti anamata zonse pamodzi, popanda mng'alu ngakhale umodzi. Ndinakankha ndi phewa kawiri. Chinali ngati khoma.

Chitseko chimenechi sichinatsegulidwe m'mawa umenewo, ngakhale sabata imeneyo. Ndiye kuti kabokosi kaja kanatulukira kumaso, anthu onse akuona.

*

Za chitsekozo ndinayamba ndazisunga. Mayi Abdallah ndinawapeza m'holo akuwerenga mabotolo ozimitsira moto.

"Khomo lakumaso ankayang'anira ndani?"

"Ine, ndi wotchi m'manja. Lamulo ndi lakuti belu likalira usiye chilichonse. Mayi mmodzi wa kukhitchini ndinamubweza ndi chikwama chake. Palibe amene anadutsa ndi kanthu m'manja."

"Ndione ndandanda wa mayina."

Anali mapepala awiri. Dzina lililonse linali lochongedwa ndi bolopeni yabuluu, kupatula awiri. Pa dzina la a Davison panalembedwa kuti chitseko. Pa dzina la Clive panalembedwa kuti machira.

"Wovulala woyesererayo anali ndani?"

Anayang'ana m'fayilo. "Anastazia, wokolopa. Amayenera kugona mu ambulansi mpaka 10:20."

Ndinaika chala papepala. Dzina la Anastazia linali lachinayi kuchokera pamwamba, lochongedwa bwinobwino.

Ndinaitanitsa a Zikhale. Anabwera foni ili kukhutu.

"Bwana, mumachonga munthu akayankha, kapena mumangochonga?"

"Akayankha, madamu. Ine zinthu zanga ndimapanga mwadongosolo."

"Anastazia anayankha?"

"Ngati ndinachonga, ndiye kuti anayankha."

"Kuchokera mu ambulansi, kumapeto kwa bwalo, zitseko zili zotseka? Ali ndi mawu amphamvu mtsikanayo."

A Zikhale anatsitsa foni. Mayi Abdallah anatsegula tsamba lina, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anatsika.

"Machirawo anadutsa pafupi nane chonchi. Ndinalemba kuti alakwitsa. Onani: osaphimba nkhope ya wovulala. Ndinalemba, koma bulangete sindinavundukule."

"Anthu ena anatani machirawo akudutsa?"

"Anasiya kuseka. Ambiri anayang'ana kumbali."

*

Anastazia ndinamupeza kuzimbudzi za alendo akupukuta magalasi. Anali mtsikana wochepa thupi, wa zaka mwina makumi awiri ndi zisanu. Epuloni yake inali yothina pamimba. Atangoona yunifolomu yanga anagwetsa kansanza.

"Mayi, ine sindinabe kanthu, Mulungu akundiona."

"Sindinati waba. Mu ambulansi munali bwanji? Motentha?"

"Eee, motentha."

"Bulangete linali la mtundu wanji?"

Anayang'ana kansanza kaja pansi. Kenako zonse zinatuluka nthawi imodzi, mwaliwiro, ngati mpopi umene unakhala masiku wopanda madzi.

"Mayi, mundimvetse. Poyamba anasankha a Thokozani a kukhitchini, anakana. Anasankha a kochapira, anakana. Aliyense anakana. Ine ndine waganyu, ndikana bwanji? Anangondilemba, akuti ndine wopepuka. Ine ndimapemphera, za malodza sindizitengera kwenikweni. Koma ndili ndi pakati, miyezi isanu, ndipo awiri oyamba ndinapita padera. Ndiye ndigone pamachira ngati mtembo, andinyamule anthu akuona? Kumeneko si kudziitanira? Apongozi anga atamva angati chiyani? Usiku wonse sindinagone."

"Ndiye unatani?"

"M'mawa a Clive anandipeza ndikulira. Anati, sisi musadandaule, ndiika mapilo n'kufunditsa bulangete, palibe adziwe. Inu belu likalira tulukani ndi anzanu, mukaime kumbuyo, musayankhule. Ndinawathokoza kwambiri. Ndinati anthu abwino alipobe."

"Koma unayankha dzina."

"Pakamwa panangoyankha pokha, mayi. M'mawa uliwonse bwana akaitana timayankha, ukachedwa kuyankha amati sunabwere. Ndinazindikira nditayankha kale." Anapukuta maso ndi epuloni. "Andichotsa ntchito?"

"Sindikudziwa. Clive ali kuti?"

"Ndinawaona akuitana anyamata a m'maluwa. Akuti akakankhe ambulansi."

Sindikonda kuthamanga, mawondo anga anatha kale. Koma ndinathamanga.

*

Amuna anayi anali atagwira ambulansi kumbuyo. Wachisanu, wovala malaya oyera ndi kabaji pachifuwa, ndi amene ankalamula.

"Tiyeni, tiyeni, amphamvu! Wani, thuu!"

Galimotoyo inayamba kuyenda kulowera kugeti. Injini inatsokomola kamodzi, n'kuzima, n'kutsokomolanso. Ndinadutsa pakati pa maluwa n'kukaima kutsogolo kwake, dzanja lili m'mwamba. Dalaivala anaponda buleki, okankha aja n'kuombana kumbuyo.

"Mayi, mufuna kufa?" anakuwa dalaivalayo, bambo wonenepa wa mafuta akuda m'manja. "Kuyambira hafu teni ndikulimbana nayo, pano yati ilire inu mukuima kutsogolo!"

"Dzina?"

"Lexon."

"Mukupita kuti, a Lexon? Ambulansi imeneyi inabwerekedwa kuti ikhale pano."

"Kukagula batire ku Area 2. Funsani a Clive."

Clive anabwera akumwetulira, akupukuta manja pathalauza. Anali mnyamata wooneka bwino, ndevu zometa mosamala.

"Amayi athu a boma! Mwatiopsatu. Tikungokonza kuti mawa alendo asadzachite manyazi nafe. Mukufuna lifiti?"

"Ndikufuna kuona wodwala wako. Tsegula kumbuyo."

"Wodwala anachira kalekale, ali pantchito."

"Ndamuona. Tsegula."

Mayi Abdallah anali atafika, a Zikhale akubwera m'mbuyo mwawo mwawefuwefu. Clive anatsegula. Pamachira panali bulangete lotuwa ndi mapilo atatu okhala ndi chidindo cha hotela. Ndinakwera, n'kutukula chivundikiro cha benchi lokhalapo anamwino. Munali mabandeji, magolovesi, ndi thaulo lokulunga chinthu. Ndinalipereka kwa mayi Abdallah osalimasula. Iwo anamasula, n'kudina batani. Kabokosi kachikasuko kanayaka n'kuyamba kuyankhula Chingerezi.

"Ine anandiuza kuti ndi mapilo!" anatero Lexon, atatsika. "Ndinagwira kumiyendo ine. Ndinamva kuti kumutu kukulemera, koma ndinati mwina ndi mapilo a kuhotela. Anati tikafika ku Area 2 tiime kuseri kwa mashopu, pali munthu wa kakiliniki akufuna kumuona. Ine za makina sindikuzidziwa!"

"Clive?"

"Ndimafuna ndiwasunge pabwino," anatero. "Pamoto weniweni si ndiye timayenera kutuluka nawo?"

"M'thaulo, pansi pa benchi, mlonda ali womangidwa m'sitolo kuyambira m'mawa?"

Kumwetulira kuja kunatha. Anayang'ana kugeti, mtunda wa mayadi makumi awiri okha, kenako anayang'ana ambulansi.

"Chigalimoto ichi," anatero.

Mayi Abdallah analemba kanthu m'fayilo. Ndinasuzumira. Analemba kuti: ambulansi yolira chokankha, ibwere ina.

*

Galimoto ya kusiteshoni inafika itachedwa ndi theka la ola, ndipo inatenga Clive ndi Lexon. Ndinapita kusitolo ya mipando. A Davison anali pampando womwe uja, chipewa chili pabondo.

"Makina apezeka, madala. Mulibe mlandu."

Anatseka maso kwa kanthawi. Kenako anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ambuye akudalitseni. Ndiye za chitseko zija zithere pompa, eti mayi? Poti katundu wapezeka."

"Sizingathere pompa."

"Mayi, bwana adziwa kuti ndine ndanena. Ine si wa hotela, ndine wa kampani ya alonda. Foni imodzi yokha, mawa pano pabwera wina. Pa msinkhu wangawu andilemba ndani?"

"Mawa m'holo muja mukhala anthu mazana anayi. Moto ukabuka kumaso, onse athamangira kwa inu. Mudzawauza chiyani? Kuti bwana anati asachikhudze?"

"Zaka zonsezi moto sunabukepo."

"Ndikudziwa."

Ndinatuluka n'kukaitana mayi Abdallah ndi a Zikhale, ndipo tonse tinapita kumapeto kwa khonde. A Davison anatitsatira chapatali.

"Mayi Abdallah, chitseko ichi munachiyesa?"

"Dzulo ndinapeza pali chikwangwani chakuti penti ndi wamuwisi. Lero panali mlonda, ndipo bwanawa anasaina kuti chimatseguka."

"Kankhani."

Anakankha. Anapatsira ine fayilo n'kukankhanso ndi manja awiri. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana a Zikhale.

"Madamu, ndifotokoze," anatero a Zikhale. "Zaka zitatu zapitazo tinkabedwa kwambiri, ma TV, matebulo, zonse zinkatulukira pamenepa. Ndiye tinaika tcheni, kwa kanthawi chabe. Sabata yatha titachotsa tinapeza loko anachita dzimbiri m'kati. Kalipentala akuti pakufunika chitseko china. Tinati msonkhano ukangotha, Lolemba lomwe."

"Munasaina."

"Ndinasaina poganiza kuti..."

"Chitseko ichi chitseguke dzuwa lisanalowe. Chikapanda kutseguka, ndiimbira okonza msonkhano kuti holo palibe."

Anabwera amisiri awiri ndi tchizulo, hamala ndi chitsulo chachitali. Anagogoda pafupifupi ola lathunthu, penti wobiriwira akugwa ngati makoko. Chitatseguka chinalira ngati mbuzi. Kuseri kwake kunali mulu wa mipando yothyoka ndi matiresi akale ofika m'chifuwa, ndipo anyamata a m'maluwa aja anayamba kututa.

A Zikhale anadikira mpaka phokoso litachepa. Sanakweze mawu.

"A Davison, pepani ndi za m'mawa zija, tinalakwitsa. Koma mukudziwa, ntchito ya ulonda imafuna munthu wosunga pakamwa. Ndiuza kampani yanu ititumizire wina. Mwatopanso, mukapume."

"Sananene ndi iwo," ndinatero. "Ndinaona ndekha penti."

"Madamu, inu ntchito yanu mwamaliza, ndipo tathokoza. Izi ndi za m'nyumba."

Zinalidi za m'nyumba. Palibe lamulo limene ndikanawagwira nalo.

Mayi Abdallah sanadzutse mutu pafayilo. "Pa pulani yanga, pachitseko ichi ndalembapo dzina la bambowa. Sindisintha pulani usiku wa msonkhano. Aima pompa mpaka Lachisanu."

"Mpaka Lachisanu," anavomera a Zikhale mwaulemu, n'kubwezera foni kukhutu.

Mayi Abdallah ndege yawo inali ya Loweruka. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Ndinatuluka nawo a Davison mpaka pamene anakolekapo njinga yawo, kuseri kwa khitchini. Dzuwa linali litapendeka koma kunkatenthabe. Anamanga chipewa pakaliyala ndi kalabala, n'kupinda mwendo wa thalauza.

"Mayi, inu mwaphunzira, tandiuzani. Kunyumba ndikanene kuti zayenda bwanji lero?"

"Kaneneni kuti simunabe."

Anakweza mwendo n'kukhala pachishalo.

"Zimenezo amadziwa kale," anatero, n'kupalasa kulowera kugeti.